Ulendo wa Awiri pa Galimoto M'mbali mwa Nyanja ya Malawi, Kuchokera ku Mangochi Mpaka ku Karonga: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene mabanja ndi anthu otomerana amafunsa kawirikawiri akamakonza zoyenda pawokha m'mbali mwa nyanja. Mitunda yatchulidwa mongoyerekeza. Mitengo ya zinthu sitinailembe chifukwa ikusintha mwezi ndi mwezi.

Kodi ulendowu umayambira pati, nanga umadutsa misewu iti?

Ochokera ku Blantyre kapena ku Zomba amatsata M3 kudzera ku Liwonde mpaka pa Mangochi boma. Kuchoka apo mumalowa M10 wopita ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 65. Msewu womwewo umakhotera kumadzulo n'kukakumana ndi M5 pa Golomoti. M5 ndiye msewu weniweni wa kunyanja: umadutsa ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche ndi Nkhata Bay, n'kukwera mapiri kukathera mu Mzuzu. Kuchoka mu Mzuzu mumatenga M1, kutsika pa Chiweta, kudutsa Chitimba ndi Chilumba, mpaka ku Karonga.

Kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 145. Salima mpaka Nkhotakota 110, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay pafupifupi 195, Nkhata Bay mpaka Mzuzu 50, Mzuzu mpaka Karonga 220. Zonse pamodzi zikuyandikira 800, osawerengera zopatuka. Ochokera ku Lilongwe angathe kulowa pa Salima kudzera M14, kapena kutsika pa Khwekhwelere kuchokera ku Dedza ngati akufuna kuyambira kummwera.

Kodi nyanja imaoneka njira yonse?

Ayi, ndipo ambiri amakhumudwa nazo tsiku loyamba. Pakati pa Golomoti ndi Salima, komanso mbali yaikulu ya Salima mpaka Dwangwa, msewu uli kutali ndi madzi. Mumaona minda ya mpunga, milambe, chinangwa ndi nzimbe. Kuti mufike pamchenga muyenera kupatuka: makilomita pafupifupi 18 kupita ku Cape Maclear, 20 kuchoka pa Salima kupita ku Senga Bay, ndipo malo ambiri ogona ali kumapeto kwa timisewu tafumbi ta makilomita angapo.

Nyanja imayandikira msewu mukapitirira Dwangwa kulowera ku Kande ndi Chintheche. Pamene imaoneka mokhutiritsa ndi potsika Chiweta ndi kuyambira pa Chitimba kupita kumpoto, kumene tsiku lopanda nkhungu mumaona mapiri a ku Tanzania kutsidya.

Dziwaninso kuti popita kumpoto nyanja imakhala kudzanja lamanja, mbali ya woyendetsa. Maso ake amakopeka n'kuchoka pamsewu. Pobwerera kummwera nyanja imakhala mbali ya wokwera, ndipo kuima pambali kuti muone sikulira kudutsa msewu.

Tipatule masiku angati?

Masiku 10 mpaka 12 ndi abwino, kuphatikizapo obwerera. Masiku 7 n'ngotheka mukasiya mbali imodzi, kaya kummwera kapena kumpoto kwa Mzuzu. Musawerengere ulendowu ndi liwiro la makilomita 80 pa ola. Mukaphatikiza maenje, misika, milatho yopapatiza ndi marodibuloko, mumayenda pafupifupi makilomita 50 pa ola. Choncho makilomita 200 ndi maola anayi pachiwongolero, ndipo patsiku limodzi pamenepo mpokwanira.

Kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi aka: usiku uwiri ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay, umodzi ku Senga Bay, umodzi ku Nkhotakota, uwiri ku Chintheche kapena Nkhata Bay, uwiri ku Chitimba kapena Livingstonia, umodzi ku Karonga, kenako masiku awiri obwerera. Malo amene mwagona usiku uwiri ndi amene mumapumuladi, chifukwa tsiku lapakati galimoto simuiliza n'komwe.

Ndi miyezi iti yabwino?

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Meyi ndi Juni dziko likadali lobiriwira, mitsinje yaphwera, usiku kumazizira bwino. Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde aakulu. Pamsewu sivuta, koma maulendo a boti amalephereka. Seputembala ndi Okutobala madzi amakhala bata ndi oyera, koma ku Mangochi, Salima ndi Karonga kumatentha kwambiri, ndipo injini yofooka imaonekera nthawi imeneyi.

Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, msewu wa M5 umavutika. Mitsinje yonse yochokera kumapiri imadutsa msewuwu isanathire m'nyanja, ndiye madzi akasefukira amakokolola milatho. Mu 2024, chakumapeto kwa Febuluwale, madzi anasefukira ku Dwangwa n'kudula msewu. Ku Nkhata Bay ndi ku Karonga mvula imachedwa kusiya, imagwabe mu Epulo pamene kummwera yatha.

Pa Khrisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka ndi tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, ku Mangochi ndi ku Senga Bay kumadzaza anthu, mitengo ya zipinda imakwera, ndipo oyendetsa ataledzera amachuluka. Ofuna bata apewe masiku amenewa.

Kodi galimoto yaing'ono ingakwanitse?

Inde, bola ikhale yosamalidwa. Msewu waukulu ndi wa phula, ngakhale malo ena phulalo linadyeka m'mbali mpaka kutsala kanjira kamodzi. Vuto la galimoto yaing'ono ndi kutsika kwake: imagunda pansi pa misewu yopatuka pamene akukonza msewu, ndipo imatitimira mumchenga wa timisewu topita kumalo ogona. Imbani foni kumene mukukagona, muwauze mtundu wa galimoto yanu, ndi kufunsa ngati ifika pakhomo.

Malo awiri amafuna galimoto yokwera, makamaka yokoka ndi mawilo onse anayi: msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, ndi misewu ya mkati mwa nkhalango ya Nkhotakota. Za Gorodi onani funso la Chiweta.

Makaniko ayang'ane chiyani tisananyamuke, nanga tinyamule zida ziti?

Pitani kugalaja kukadali sabata, osati dzulo lake, kuti chimene chasinthidwa chiyesedwe m'tauni momwemo. Ayang'ane mabuleki onse ndi mafuta ake. Mafuta a mabuleki akapitirira zaka ziwiri amakhala atayamwa chinyezi ndipo amawira msanga potsika phiri. Ayang'ane redieta, mapaipi ake a labala, fani ndi lamba wa injini. Athire oyilo watsopano ngati makilomita otsala sakufika 2,000. Agwedeze mawilo kuti aone mashoko ndi zolumikizira chiwongolero, poti zimenezi ndi zimene maenje amayamba kuthyola. Matayala akhale ndi mano, opanda zotupa m'mbali.

Sipeya ikhale tayala lenileni lopopedwa bwino. Kasipeya kakang'ono kamene kamabwera ndi galimoto zochokera ku Japan kanapangidwira mtunda waufupi pa liwiro lochepa. Sikoyenera kuchokera nako ku Benga mpaka ku Dwangwa. Yesani jeke ndi sipanala ya mawilo pakhomo, muone ngati manati akumasuka ndi mphamvu za aliyense wa inu.

M'buti muikemo thabwa lalifupi lokhazikapo jeke pamchenga, pampu, chingwe chokokera, nthambo zolumikizira batire, tochi, lita imodzi ya oyilo, mafuta a mabuleki, mafyuzi, waya, pulayala, ndi madzi malita 10 a injini kupatula akumwa. Mpweya wa matayala yezani m'mawa matayala asanatenthe.

Nanga mafuta? Tamva kuti amasowa.

Kuyambira mu 2022 mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo akasowa, maboma a kunyanja ndi amene amachedwa kulandira. Malo omwetsera alipo ku Mangochi, Monkey Bay, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche, Nkhata Bay, Mzuzu ndi Karonga, koma kukhalapo kwa pampu sikutanthauza kuti muli petulo. Lamulo losavuta n'lakuti thanki isatsike pansi pa theka. Paliponse mwapeza mafuta, dzazani, ngakhale mwangothira dzulo.

Werengani chonchi: galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imafuna malita pafupifupi 67 pa makilomita 800. Onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha zopatuka, zitunda ndi makina oziziritsa mpweya, kenako muwerengerenso za pobwerera. Musananyamuke m'mawa, funsani eni malo amene mukukagona usikuwo ngati mafuta afika kwawoko. Madalaivala a minibasi pa depoti amadziwanso bwino.

Kugula mafuta m'zigubu kumafuna chilolezo cha MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, ndipo chigubu cha petulo m'buti yotentha n'choopsa. Mafuta ogulitsa m'mabotolo m'mbali mwa msewu nthawi zina amasakanizidwa ndi palafini kapena madzi. Injini imayamba kudukiza, fyuluta imatseka. Mukakakamizika, gulani ochepa ongokufikitsani pa pampu yotsatira.

Apolisi apamsewu amafuna chiyani?

Laisensi ya amene ali pachiwongolero, chiphaso cha COF ndi cha inshulansi zomatidwa pagalasi ndipo zisanathe masiku, matirayango awiri, ndi chozimira moto. Amayang'ananso malamba, magetsi ndi matayala. Ngati nonse mudzayendetsa, funsani akampani ya inshulansi ngati onse awiri mukutetezedwa. Galimoto yobwereka ikhale ndi kalata ya mwini wake.

Makamera a liwiro amakonda kuikidwa polowa ndi potuluka m'misika, pamene chikwangwani chimati 50. Chepetsani liwiro mukangoona chikwangwanicho, ndipo musawonjezere mpaka mutaona china chokumasulani. Mukalakwa, lipirani chindapusa n'kulandira lisiti ya boma. Musajambule zithunzi pa rodibuloko kapena pafupi ndi malo a asilikali, monga a ku Salima ndi ku Senga Bay.

Matola asiyeni. Mukanyamula anthu olipira pa galimoto ya banja, mwaphwanya lamulo, ndipo ngozi itachitika inshulansi ikhoza kukana kulipira.

Bwanji aliyense akuti tisayende usiku?

Chifukwa msewu wa kunyanja ndi bwalo la mudzi. Madzulo anthu amachokera kudoko ndi kumunda, akabaza a njinga zopanda nyali amanyamula matumba a makala ndi madengu a usipa otambalala kuposa njingayo, mbuzi zimagona pa phula lofunda, ana amathamangitsana. Malole a nzimbe ndi a shuga cha ku Dwangwa, ndi a malasha cha ku Chiweta, akawonongeka amaima pamsewu pomwepo, chizindikiro chake n'kukhala nthambi za mitengo. Kuwala kwa galimoto yobwera kukakuthobwani m'maso, dzenje simuliona.

Palinso milatho yodutsa galimoto imodzi. Ilipo yambiri pa M5, ina ili pamalo okhota. Masana mumaona patali amene wayamba kulowa, n'kumudikira. Usiku mumazindikira muli kale pakamwa pa mlatho. Kuno dzuwa likalowa mdima sumachedwa, ndipo mu Juni ndi Julayi limalowa isanakwane 6 koloko. Konzani zofika pogona pofika 4 koloko, kuti tayala likaphwa mukhalebe ndi nthawi yosintha kukuwala.

Kummwera, pakati pa Mangochi ndi Salima, tiime pati?

Pa Mangochi boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja. Ola limodzi likwanira.

Ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, ndi kumene muyenera kukhalitsa. Derali lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Pa Otter Point ndi pa chilumba cha Thumbi mumationa ndi galasi losambirira m'madzi ofika m'chiuno. Pali manda a amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1875. Gombe la Chembe linayang'ana chakumadzulo, choncho pano mumaona dzuwa likulowa m'madzi. Kwina konse paulendowu nyanja ili kum'mawa, ndipo chokongola ndi kutuluka kwa dzuwa. Dzukani isanakwane 5:30.

Mukapitirira Golomoti, patukirani ku Mua. Mishoniyi inayamba mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a KuNgoni anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ambiri amapadutsa pothamangira ku Senga Bay, koma pa malo onse a paulendowu amene si gombe, pano ndi pamene sitingalangize munthu kupaphonya. Patulani maola awiri kapena atatu.

Nanga pakati pa Salima ndi Nkhata Bay?

Mbali imeneyi ndi yaitali ndipo msewu wake wakhala ukukonzedwa m'zigawo, kuyambira pa Kaphatenga kudutsa Benga kulowera ku Dwangwa. Funsani za misewu yopatuka musananyamuke. Pa mlatho wa Chia pamagulitsidwa nsomba zaziwisi. Ku Nkhotakota kuli mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mtsogoleri wa ochita malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860, nthawi imene tauniyi inali doko lalikulu lowolotsera akapolo. Nkhalango ya Nkhotakota yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. M'nkhalangomo muli kashembe. Tsekani magalasi, valani zovala zazitali zosakhala zakuda kapena zabuluu, ndipo mukadwala malungo osamva mankhwala mutabwerako, uzani adokotala kuti munalumidwa, ayeze kaodzera.

Mukawoloka Dwangwa dziko limasintha. Mwalowa kwa Atonga, nsima ndi ya kondowole, moni ndi “Mwe uli?” Mchenga wa ku Kande ndi ku Chintheche ndi woyera, wosalala. Ku Bandawe kuli tchalitchi chakale cha amishoni aja, amene anasamukira kuno mu 1881 atathawa malungo a ku Cape Maclear. Musanafike ku Nkhata Bay mumadutsa m'munda wa mitengo ya labala wa Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wake. Msewu pamenepa ndi wokhota ndi wamthunzi, anyamatawo amaima pafupi ndi phula, choncho yendani pang'onopang'ono.

Ku Nkhata Bay gombe ndi lamiyala, madzi ndi akuya msanga. Malo ambiri ogona ali pa zitunda zotsika ndi masitepe, ndiye nyamulani kachikwama kakang'ono ka usiku, masutikesi atsale m'galimoto pamalo a mlonda.

Kodi Chiweta ndi Gorodi n'zoopsa monga amanenera?

Chiweta ndi phula, galimoto iliyonse imatsika. Choopsa ndi katsikidwe. Munthu akamatsika ali pa giya yapamwamba phazi lili pa buleki njira yonse, mabuleki amatentha, mafuta ake amawira, pedulo imalowa mpaka pansi osagwira. Lowani giya yachiwiri musanayambe kutsika, kapena L kapena 2 pa galimoto ya otomatiki, injini ndiyo igwire galimoto. Buleki pondani mwamphamvu kwa kanthawi, n'kusiya kuti izizire. Mukamva fungo la kupsa, imani pamalo otakasuka kwa mphindi 30, ndipo musathire madzi pa mawilo otentha. Musatsike pa nyutulo pofuna kusunga mafuta. Malole amadula makona, ndiye khalani kumbali kwanu, ndipo musapitirire lole pamene simukuona kutsogolo. Anyani a m'mbali mwa msewu musawapatse chakudya.

Pokwera, diso likhale pa muvi wa kutentha kwa injini. Ukakwera, zimitsani makina oziziritsa mpweya, imani, ndipo musatsegule chivundikiro cha redieta mpaka injini itazizira.

Gorodi ndi nkhani ina. Ndi msewu wamiyala wa makilomita pafupifupi 15 kuchoka pa Chitimba, wokhala ndi makona akuthwa okwana ngati 20, phompho lili pambali. Galimoto yaing'ono isiyeni pamalo ogona ku Chitimba, mukwere galimoto za komweko, kapena mulowere njira ya ku Njakwa, mbali ya Rumphi, imene siyotsetsereka chotero. Pamwamba pali Livingstonia, kumene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894, nyumba yake ya miyala imene pano ndi yosungiramo zakale, tchalitchi, ndi mathithi a Manchewe otalika mamita oposa 100. Kumazizira, tengani majuzi.

Kodi n'koyenera kupitirira mpaka ku Karonga?

Ngati masiku alipo, inde. Msewu wa Chiweta mpaka Karonga wadziwika kwa zaka zambiri ndi maenje, ndiye makilomita 90 ochoka pa Chitimba apatseni maola awiri kapena kuposa. Ku Cultural and Museum Centre Karonga kuli chionetsero cha Malawisaurus, chinyama chakalekale chimene chinafukulidwa m'boma lomweli. Kulinso manda a asilikali amene anafa pa nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani mu Seputembala 1914. Lawani mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, ndipo gulani mpunga wa Kilombero pobwerera. Chipata cha Songwe chili makilomita pafupifupi 45 kumpoto, koma kulowa ndi galimoto m'dziko la Tanzania kumafuna zikalata zina zimene muyenera kukonzeratu.

Tingasambe paliponse?

Ayi. Funsani anthu a pamalopo musanalowe m'madzi. Ng'ona ndi mvuu zimakonda pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, m'mabango, ndi m'madambo ngati Chia. Musasambe mbandakucha, madzulo kapena usiku, ndiponso mutamwa mowa. Mwera ukamawomba mafunde amakoka munthu kumubweza kwakuya.

Likodzo lilipo m'nyanja, makamaka m'madzi osaya, odekha, a udzu, pafupi ndi midzi. Ku Cape Maclear ndi kumodzi kodziwika nalo. Tizilombo take timachokera mu nkhono ndipo timalowa pakhungu, simuchita kumwa madziwo. Sankhani malo amiyala kapena amchenga woyera kumene mafunde amamenya, ndipo dzipukuteni mukangotuluka. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa tsiku lomwe mwasamba sikuthandiza, poti amapha nyongolotsi zokhwima. Pitani kuchipatala pakatha masabata 6 mpaka 8 chisambireni komaliza, nonse awiri, ngakhale simukuona magazi mumkodzo.

Nanga malungo ndi matenda a m'mimba?

Kunyanja udzudzu ulipo chaka chonse. Nyamulani neti yanu ndi chingwe, chifukwa ya pamalo ogona imapezeka yobooka. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu dzuwa likamalowa. Thupi likatentha, paulendo kapena masabata angapo mutabwerako, kayezetseni tsiku lomwelo musanamwe LA. Amene akhala zaka zambiri ku Britain kapena ku South Africa asadzidalire kuti anakulira konkuno. Chitetezo cha thupi ku malungo chimatha, ndiye aonane ndi dokotala za mankhwala oteteza asanabwere. Mayi woyembekezera ayambe wafunsa kusikelo.

Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri m'maboma a kunyanja. Imwani madzi a m'botolo, owiritsa kapena othira WaterGuard, idyani chakudya chikadali chamoto, ndipo m'chikwama mukhale mapaketi a Thanzi ORS.

Tikufuna kukwera boti. Tisamale chiyani?

Pitani m'mawa, nyanja isanayambe kuvunduka. Gwirizanani mtengo, maola ndi malo okafika musanakwere, ndipo funsani ngati ndalama yolowera m'paki ili momwemo. Boti lopanda majekete oyandamitsa musakwere, ngakhale mumatha kusambira. Mwini boti akanena kuti lero mphepo siili bwino, mumvereni.

Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, imafika ku Likoma kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter. Masiku ake amasintha ndipo imachedwa, choncho wofuna Likoma awonjezere masiku atatu kapena anayi, galimoto aisiye pamalo otetezeka.

Ndalama tinyamule bwanji, nanga malo ogona tisankhe motani?

Gawani patatu: ndalama zogwirika, za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndi za ku banki. Makina otapira ndalama ali m'matauni akuluakulu okha, ndipo magetsi kapena netiweki ikachoka sagwira. Musanapite ku Cape Maclear, Kande kapena Chitimba, tapirani m'tauni. Ndalama zogwirika zisakhale m'chikwama chimodzi. Mukhale ndi manambala a makampani onse awiri a foni, poti pamene wina sakugwira mnzake amagwira. Patulani ndalama ya pangozi yokwanira tayala latsopano ndi usiku umodzi wowonjezera, ndipo imeneyo isakhudzidwe pogula nsomba kapena ziboliboli.

Poimba foni kumalo ogona funsani mtengo wa chipinda cha anthu awiri, ngati pali mtengo wa nzika za dziko lino, ngati kadzutsa ali momwemo, ngati pali sola kapena jenereta, madzi, neti, fani, ndi mlonda wa galimoto. Funsaninso ngati Loweruka pamakhala zoimbaimba. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumiza magombe ndi zipinda zina, ndiye zithunzi za pa Facebook zikhoza kukhala zakale. Apempheni akutumizireni za sabata yomweyo pa WhatsApp.

Nsomba tigule pati, ndipo tifika nazo bwanji kunyumba?

Zodya paulendo gulani padoko m'mawa, n'kupempha akukhitchini akuphikireni: chambo kummwera, kampango, mcheni, ndi batala ku Nkhata Bay. Nsomba yabwino maso ake ndi owala, mnofu ukaudina umabwerera, ndipo mukatsegula m'mbali mwa mutu mopumira mumakhala mofiira. Kasawala, ana a chambo, musagule, ndipo kumapeto kwa chaka pamene usodzi wa makoka umatsekedwa kuti nsomba ziswane, musalimbikitse ozembera lamulo.

Kumangirira nsomba pagalasi la kunja kumathandiza pa maola awiri kapena atatu basi. Zopita nazo kunyumba gulani tsiku lomaliza, zitumbulidwe, ziikidwe m'bokosi la ayezi. Apo ayi tengani usipa wouma kapena chambo chowamba.

Tili awiri okha masiku onsewa. Tingapewe bwanji kukangana?

Mikangano ya paulendo wotere imachokera pa ndalama, kutopa, njala ndi achibale. Zonsezi zikambidwe kunyumba. Gwirizanani ndalama ya tsiku lililonse, ndipo mmodzi azisunga ndi kulemba. Ngati nonse muli ndi laisensi, sinthanani maola awiri aliwonse, wina asanatope. Amene sakuyendetsa ali ndi ntchito yake: kuyankha foni, kuyang'ana mapu, kupenya njinga ndi ziweto, kupereka madzi. Achenjeze za ngozi yeniyeni, koma asakhale mphunzitsi wa kuyendetsa. Akazi anu kapena amuna anu akati liwiro lachuluka, chepetsani osatsutsa, poti amene wakhala kumanzere ndiye ali pafupi ndi njinga ndi m'mphepete modyeka mwa phula.

Za achibale zimavuta kuzikamba, koma n'zimene zimadya masiku. Kudutsa pa Dwangwa osaima kwa azakhali kumaoneka ngati mwano, ndipo mukaima simuchoka musanadye nsima. Sankhiranitu makomo amene mudzaime, mbali ya kuchimuna ndi ya kuchikazi mofanana, muwauze nthawi yofika ndi yonyamuka, ndipo muwatengere kanthu monga shuga ndi sopo. Ena mudzawayendera ulendo wina.

Aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene akufunitsitsa, kaya Manchewe, kaya tsiku lathunthu longokhala pamchenga, ndipo zimenezo zisachotsedwe ngakhale nthawi itachepa. Idyani nkhomaliro pa nthawi yake. M'midzi ya Asilamu ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndiponso m'mudzi uliwonse, zovala zosambira zithere pagombe. Chitenje ndi malaya zikhale pafupi. Pemphani musanajambule munthu, makamaka amene akusamba kapena kuchapa.

Galimoto ikawonongeka pakati pa njira, titani?

Ikankhireni kunja kwa phula, yatsani magetsi ochenjeza, ikani tirayango imodzi kutsogolo ina kumbuyo, masitepe pafupifupi 50, ndipo pa kona iikeni pamene wobwera aione asanakhote. Imbirani makaniko wanu wa kunyumba, mumufotokozere phokoso, fungo ndi nyali imene yayaka. Iye akuuzani ngati n'zotheka kuyenda pang'onopang'ono kapena ayi. Nyali ya oyilo ikayaka kapena injini ikatentha, musayendenso ngakhale kilomita imodzi.

Eni malo amene mukukagona ndi amene angakutumizireni makaniko wodalirika. Gwirizanani mtengo asanamasule kanthu, ndipo chitsulo chimene chachotsedwa muchione. Okonza matayala ali pamsika uliwonse, koma zipangizo za injini zimachokera ku Mzuzu, Lilongwe kapena Blantyre pa basi, ndipo zimatenga tsiku. Musasiyane kuti wina atsale yekha pagalimoto kukuda. Pemphani kwa amfumu kapena pa sitolo yapafupi munthu woilondera, mumulipire, nonse mukagone pabwino.

Tibwerere njira yomweyo?

Kuchoka ku Karonga mpaka Mzuzu njira ndi imodzi. Kuchoka mu Mzuzu, M1 wodutsa ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu amakufikitsani ku Lilongwe pa makilomita pafupifupi 360, ndipo mafuta amapezeka mosavutirapo. Ku Chikangawa m'mawa kumachita nkhungu yambiri, ndiye nyamukani dzuwa litakwera, magetsi ali oyaka. Opitirira ku Blantyre adzalipira pa zipata za Kalinyeke ku Dedza ndi Chingeni, ndipo agone ku Lilongwe m'malo moyesa Mzuzu mpaka Blantyre tsiku limodzi. Kubwerera ndi M5 n'kwa amene ali ndi masiku awiri owonjezera, ndipo ndi njira yabwino ngati mukufuna kugula nsomba pa Chia kapena ku Senga Bay tsiku lomaliza.